Ngalande Zakale za m'Mapiri

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'boma la Rufunsa



Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga ciri pafupi kumasula, ndipo mahekitala a cimanga pafupifupi miliyoni imodzi anapserera m'minda. Aphunzitsi a kuno safuna wina wowauza za caka cimeneco, pakuti anaona okha mipando yopanda ana, ndi ana ena akuodzera m'kalasi cifukwa ca njala. Koma pali cinthu cimodzi coyenera kucikumbukira. Pamene minda ya kumtunda inali kupsa, Lunsemfwa ndi Luangwa inali ndi madzi ndithu ngakhale ocepa, ndipo kasupe wa ku Chinyunyu sanaleke kutumphuka. Madzi analipo, koma anali kwina, munda uli kwina.

Bvuto limeneli si lacilendo pa dziko lapansi. Anthu a m'maiko a mapiri anakomana nalo kalekale, naligonjetsa popanda injini kapena mafuta. Anatenga madzi kumtunda kumene mtsinje ucokera, nawayendetsa m'mbali mwa phiri kufikira pamwamba pa minda yao. Ngalande zambiri za anthu amenewo zinafa, koma zipsera zace zikali kuoneka. Nkhani ino inena za zipsera zimenezo: kumene zipezeka, cimene cinapha ngalandezo, ndi m'mene mphunzitsi wa kumudzi angaphunzitsire ana kuziwerenga.

Kayendedwe ka ngalande ya m'phiri

Mtsinje wa m'phiri utsika msanga. Pa mtunda wa mamita 100 ukhoza kutsika mamita 5 kapena 10, ukudumpha pa miyala. Munthu wofuna madzi ace akwera nao mtsinjewo kufikira atapeza malo opapatiza, pamene pali thanthwe kapena miyala yolimba, ndipo pamenepo aika cochinga ca miyala, mitengo, udzu ndi dothi. Madzi akakwera pang'ono awapatutsira m'ngalande, imene ena kuno amati mufolo, yokumbidwa mopingasa m'mbali mwa phiri. Ngalandeyo nayonso itsika, koma pang'onong'ono, monga theka la mita pa mamita 100, kapena kucepera apo. Tsono popeza mtsinje uthamangira kunsi pamene ngalande iyenda mwacifatse, ziwirizi zinka zitalikirana. Munthu akayenda kilomita imodzi adzaona mtsinje uli kutali kunsi kwace, ngalande iri pamwamba, ndipo nthaka yonse ya pakati pa ziwirizi ikhoza kuthiriridwa. Woima kutsidya aona ngati madzi ali kukwera phiri, koma maso angomnyenga.

Luso lonse lagona pa katsikidwe kameneka. Ngalande ikatsetsereka kwambiri, madzi akumba pansi pace ndi kuisandutsa cigwembe. Ikagona mopitirira, madzi aima, mcenga udzaza, ndipo madzi asefukira posafunika. M'maiko ambiri okumba analibe zida zoyesera. Ankakumba pang'ono, nalola madzi awatsate, ndipo madziwo ndiwo ankawauza ngati akhoza kapena alakwa.

Miyala ya ku Nyanga

Zina mwa zipsera zazikulu za ulimi wa m'mapiri kumwera kwa Zambezi ziri ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko kuli phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, loposa mapiri onse a m'dzikomo. M'mitsetse yozungulira dera limenelo muli timipanda ta miyala tosawerengeka, tokwera phiri monga makwerero, tocirikiza timinda topapatiza kuti dothi lisakokoloke. Anthu anamanga ndi kulima kumeneko kuyambira ca m'ma 1300 kufikira m'zaka za m'ma 1800. Mbeu zopserera zimene ofukula anapeza m'mabwinja ao ndizo mapira, mawere, khobwe ndi nzama, zomwezo zimene agogo a kuno ankalima cimanga cisanafale.

Azungu oyamba kuona miyalayi sanafune kubvomera kuti ndi nchito ya anthu akuda. Ena anati anamanga ndi alendo ocokera kutsidya la nyanja, ndipo maenje omangidwa ndi miyala amene apezeka pakati pa mabwinja anawacha maenje a akapolo. David Randall-MacIver, amene anafukula kumeneko mu 1905, ananena poyera kuti omanga anali eni dziko. Roger Summers anafukulanso, nasindikiza buku lace mu 1958. Robert Soper, amene buku lace linaturuka mu 2002, anawerengera pa zithunzi zojambulidwa m'ndege kuti minda ya makwereroyi ikwana mahekitala 22,000 kapena kuposa, ndipo anaonetsa kuti maenje aja anali makola a ng'ombe za mtundu waung'ono, zolowa m'khola kudzera m'kanjira ka pansi.

Pakati pa zonsezi payenda ngalande zakale, zina zotalika makilomita angapo, zocokera m'mitsinje yosaphwa. Soper anapeza kuti minda yambiri ya makwerero inkadalira mvula, ndipo kuti ngalande zinkatumikira makamaka midzi, madimba ndi mizere ikuluikulu ya m'zigwa. M'mapiri a pamwamba madzi ankafika pafupi ndi makola aja, ndipo kunsi kwa khola kunali kangalande koturutsira madzi osakaniza ndi ndowe, opita ku dimba la pafupi. Kotero madzi, ng'ombe ndi dimba zinali nchito imodzi. Ngalande zina zinali zoyesedwa bwino kotero kuti alimi acizungu amene anakhala kumeneko pambuyo pace anangozisesa ndi kuyendetsamonso madzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Lero gawo lina la mabwinjawa, lochedwa Ziwa, lisungidwa ndi boma la Zimbabwe monga cuma ca dziko.

Ina inafa, ina iri moyo

Kum'mawa kwa Afirika kuli malo awiri amene mphunzitsi acita bwino kuwaika pamodzi pophunzitsa. Oyamba ndi Engaruka, kumpoto kwa Tanzania, m'munsi mwa cikhoma ca cigwa cacikulu ca Rift Valley. Dzikolo ndi louma, koma timitsinje tingapo titsika kucokera pamwamba. Kuyambira ca m'ma 1400 anthu anamanga kumeneko ngalande za miyala ndi minda yogawidwa bwino, yokwana mahekitala ngati 2,000. Pofika m'zaka za m'ma 1700 anacokako. John Sutton, amene anafufuza malowa zaka zambiri, anaona kuti timitsinje tina timene kale tinkadyetsa ngalandezo tsopano tiyenda m'dzinja mokha. Ngalande ingakhale yomangidwa ndi miyala yokongola motani, kasupe wace akaphwa isanduka bwinja.

Malo aciwiri ndi a anthu a Marakwet ku Kenya. Iwo atenga madzi m'mitsinje yocokera m'mapiri a Cherangani, monga Embobut, nawatsitsa pa cikhoma cacitali kufikira m'cigwa cotentha ca Kerio. Pamene pali phompho aolotsa madzi pa mitengo yogoba kapena pa khoma la miyala. Joseph Thomson anaona ngalande za pa cikhoma cimeneco mu 1883 ziri zakale kale, ndipo kufikira lero ziyenda. Kuziphatikiza zonse zipitirira makilomita 200. Cinsinsi cace ndi ici: ngalande iri yonse iri ndi pfuko lace. Amuna a pfukolo asonkhana, nagawana masiku a madzi, napita pamodzi kukakonza cochinga mvula ikaononga. Wothawa nchito alipitsidwa, kapena amanidwa madzi. Ngalande ya dothi siikhala zaka ziwiri popanda woisesa. Ya Amarakwet yakhala zaka mazana cifukwa caka ciri conse pali anthu odziwa kuti tsiku lakuti ndi la ku ngalande, ndipo apita.

Minda ya udzu ya ku Ulaya

Asaganize munthu kuti nzeru imeneyi ndi ya maiko osauka okha. Ku Ulaya, kumene cisanu citsekera ng'ombe m'khola miyezi ingapo, mlimi ankayenera kuchecha ndi kuumitsa udzu wambiri, ndipo udzuwo ankaulima monga mbeu, nauthirira. Kumpoto kwa Luxembourg, m'dera la mapiri la Éislek, alimi ankachinga timitsinje ndi kuyendetsa madzi m'ngalande zopingasa pamwamba pa munda wa udzu. Akatseka ngalande ndi thabwa kapena cibuma, madzi ankasefukira, nayenderera pa udzu wonse mopyapyala. Mwambowo auchula kuti Fléizen. Madziwo ankafunditsa nthaka kumapeto kwa cisanu kuti udzu uphuke msanga, ndiponso ankasiya matope osalala okhala ngati manyowa. Ku Valais, m'dziko la Switzerland, ngalande zochedwa bisses, zina za zaka zoposa 500, zinapacikidwa ndi matabwa pa makhoma a matanthwe.

Pambuyo pa 1950 ngalande zambiri zotere zinasiyidwa. Feteleza wa m'thumba anafika. Thirakitala inabvutika kudutsa pa timingalande. Anyamata anapita ku nchito za m'tauni, ndipo minda ina ya udzu inabzalidwa mitengo ya matabwa. Lero wopita m'mapiri amenewo aona timizere tokha topingasa pa udzu, kapena pansi pa mitengo. Anthu ocepa amene anasunga mwambowo sanagwire nchito pacabe, pakuti mu Disembala 2023 bungwe la UNESCO, litasonkhana ku Kasane m'dziko la Botswana, kufupi ndi mlatho wa Kazungula, linalemba ulimi wothirira wa makolo wa maiko 7 a ku Ulaya m'kaundula wa nzeru zoyenera kusungidwa. Cimene analemba m'kaundulamo ndi luso la anthu ndi mapangano ao ogawana madzi.

Pafupi ndi kuno

Anthu olankhula Cinyanja naonso adziwa nchito imeneyi. M'boma la Tsangano, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, moyandikana ndi Ntcheu wa ku Malawi, muli mapiri ozizira okhala ndi timitsinje tambiri, ndipo alimi apatutsa madzi m'ngalande za dothi kuti alime mbatatesi, tirigu ndi kabichi m'cilimwe. Ngalande zina zinatsala kwa Apwitikizi amene anacoka mu 1975, zina ndi za mudzi, zina za banja limodzi. Pa nthawi ya nkhondo anthu ambiri a kumeneko anathawira ku Malawi. Itatha nkhondo mu 1992 anabwerera, ndipo madzi anayendanso m'mbali mwa mapiri.

M'dziko lino lomwe, kuyambira 2009, alangizi a zaulimi pamodzi ndi bungwe la ku Japan la JICA anaphunzitsa alimi a zigawo za Kumpoto ndi Luapula kumanga zochinga za mitengo, udzu ndi dothi, ndi kukumba ngalande ndi makasu. Zochingazo zicoka ndi madzi a m'dzinja, ndipo zimangidwanso caka ndi caka, monga momwe acitira Amarakwet. Kumpotoko mvula ndi yambiri kuposa kuno, ndipo mitsinje yosaphwa ndi yocuruka. Cifukwa cace mlimi wa ku Rufunsa ayenera kusankha mtsinje wace mosamala koposa. Koma mapiri alipo, mitsetse iripo, ndipo madimba a m'mbali mwa mitsinje ndi nchito imene anthu a kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda aidziwa kale.

Kuwerenga phiri

Mwana wa sukulu aphunzira kuwerenga buku, koma adutsa tsiku ndi tsiku pa phiri lolembedwa osadziwa kuti lalembedwa. Nyengo yabwino yoliwerenga ndi kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, chire litapsa, ndipo ora labwino ndi m'mamawa kapena madzulo, pamene dzuwa liri pansi ndipo kamtumbira kakang'ono kaponya mthunzi wautali. Mphunzitsi aime ndi ana kutsidya kwa cigwa, nayang'ane mizere yonse yooneka pa mtsetse. Mizereyo iri ya mitundu ingapo, ndipo uli wonse uli ndi cizindikiro cace.

Njira ya anthu kapena ya ng'ombe ikwera ndi kutsika monga ifunira, ndipo ilunjika kumudzi kapena kumadzi. Cigwembe citsika molunjika kunsi, cinka cikula. Migula, imene boma la atsamunda linakakamiza alimi kuunda m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, makamaka m'cigawo ca Kum'mawa, ikhala yambiri, yotsatana pa mipata yofanana m'kati mwa munda, ndipo siyambira pa mtsinje. Maenje ndi micera ya ofuna golide, amene akumba m'boma lino kale ndi lero, ikhala yaifupi, yakuya, dothi lace litaunjikidwa pambali, ana asayandikire. Ngalande yothirira isiyana ndi zonsezi. Iyambira pa mtsinje kapena pa kasupe, pamalo opapatiza. Mtumbira wace uli mbali ya kunsi yokha. Ikafika pa khwawa siidumpha, koma ilowa m'khwawamo ndi kuturukanso, pofuna kusunga katsikidwe kace. Wofukula pang'ono ndi dzanja m'kati mwace apeza mcenga wosalala kapena matope akuda osafanana ndi dothi la pambali, ndipo pa lupsa msipu uyamba kuphuka m'menemo.

Kuti atsimikize, ana apange cida coyesera ndi mitengo itatu yomangidwa monga cilembo ca A, miyendo yace itatalikirana mamita awiri, cingwe cokhala ndi mwala citalendewera kucokera pamwamba. Aimike cidaco pamalo olingana ndi kulemba pa mtengo wopingasa pamene cingwe cagwera. Akayenda naco mu mzere umene apeza, adzaona ngati mzerewo utsika pang'onopang'ono mbali imodzi yokha, kucokera kumadzi. Ukatero, ndi ngalande.

Nchito ya sukulu

Ulendo wotere uyambire kwa nyakwawa, pakuti nthaka iri ndi eni ace, ndipo m'mapiri muli manda ndi malo ena amene mlendo sapondapo. Nyakwawa adzachula nkhalamba zodziwa malowo. Ana afunse agogo mwaulemu mafunso owerengeka: Kodi kale anthu ankalima kuti m'cilimwe? Ndani anakumba pano? Madzi ankagawidwa motani? Ankabzalamo ciani? Nanga analekeranji? Mayankho alembedwe m'cinenero comwe agogo alankhula. Ngati ndi Cisoli, alembedwe m'Cisoli, pamodzi ndi maina a timitsinje, akasupe ndi madambo, pakuti maina ambiri otere sapezeka pa mapu ali onse. Funso lomariza ndilo lofunika koposa. Yankho lace lidzaonetsa ngati madzi ndiwo anathawa anthu, monga ku Engaruka, kapena anthu ndiwo anasiya madzi, monga ku Ulaya. Ngakhale ana atangopeza dimba lakale, citsime cokwiririka kapena kasupe wouma, ulendowo wabala cipatso, cifukwa ayamba kudziwa kumene madzi a mudzi wao anali ndi kumene apita.

Masamu naonso apeza malo. Ana aimike cidebe ca malita 20 pamene kamtsinje kagwa pa mwala, madzi onse alowe m'cidebemo, nawerenge nthawi. Cikadzaza pa masekondi 4, ndiye kuti kamtsinjeko kapereka malita 5 pa sekondi, malita 18,000 pa ora, ndi malita 432,000 usana ndi usiku. Kuti munthu atunge madzi a ora limodzi lokha ndi cidebe, ayenera kupita kumtsinje maulendo 900. Hekitala ya ndiwo za masamba m'nyengo yotentha imwa malita pakati pa 50,000 ndi 70,000 pa tsiku. Ana awerengere okha: theka la madzi litalowa pansi m'njira, otsalawo athirira mahekitala angati? Muyeso umenewu ucitidwe mu Okutobala, pamene madzi acepetsetsa, pakuti ngalande yokumbidwa poyang'ana madzi a mu Epulo idzakhumudwitsa eni ace.

Pali macenjezo amene mphunzitsi asaiwale. Loyamba, zinthu zomangidwa ndi anthu cisanafike caka ca 1924 zitetezedwa ndi lamulo la 1989, ndipo ziyang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission; ana ajambule ndi kuyesa, koma asagumule miyala kapena kutola mapale, ndipo capezekaco cidziwitsidwe ku bungwelo. Laciwiri, madzi a m'mitsinje ali pansi pa lamulo la 2011, ndipo wofuna kuchinga mtsinje kuti athirire munda waukulu apempha cilolezo ku WARMA. Ngakhale cilolezo ciripo, anthu a kunsi kwa mtsinje naonso amwa, ndi ziweto zao. Wotseka madzi onse adzutsa mlandu. Lacitatu, madzi oima m'ngalande yosasesa aswetsa udzudzu wa malungo, ndiponso asunga nkhono za likodzo. Lacinai ndilo lalikulu: matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Lusaka acokera m'mapiri omwewo m'mene akasupe abadwira. Mitengo ya pamutu pa kasupe ikatha, madzi a mvula athamanga pamwamba osalowa pansi, ndipo kasupeyo acepa kapena aphwa cilimwe cisanathe.

Mau otsiriza

Miyala ya ku Nyanga yadikira zaka mazana, ndipo idzadikirabe. Mzere wa dothi sudikira conco. Pulawo imodzi iufafaniza m'mawa umodzi. Nkhalamba yodziwa mwini wa mzerewo, ndi lamulo limene anthu ankagawanira madzi, iyo ndiyo sidikira konse, ndipo ikapita palibenso womfunsa. Mphunzitsi si mlangizi wa zaulimi, ndipo palibe womuyembekeza kukumba ngalande yekha; mutu umodzi susenza denga. Koma iye ali ndi ana amene mawa adzakhala eni minda, ali ndi pepala ndi pensulo, ndipo mudzi umamvera mau ace. Cilala cidzabweranso, monga cinabwera mu 1992, mu 2019 ndi mu 2024. Pempho la nkhani ino ndi lakuti sukulu iri yonse, cilimwe cino cisanathe, iyende ndi kamtsinje kamodzi kucokera kumutu kwace kufikira kumadimba, ijambule mapu ace, iyese madzi ace mu Okutobala, ilembe mau a agogo awiri kapena atatu, ndipo mphunzitsi abwere nazo pa msonkhano wotsatira kuti mapu a masukulu onse aikidwe pamodzi.